Phunziro la mwezi uno: Mbewa yopanda ubweya ndi khansa ya kummero

Achinyamata anzathu, tikamva za mbewa ambirife timaganiza za ndiwo. Koma kwa akatswiri ofufuza za matenda, mbewa ndi mphunzitsi.

M'chaka cha 1962 ku Glasgow kunapezeka mbewa yobadwa yopanda ubweya. Pambuyo pake anaona kuti mbewa yotereyi ilibe asilikali ena ofunika a m'thupi otchedwa maselo a T. Ndiye mu 1969 ku Denmark, Jørgen Rygaard ndi Carl Povlsen anatenga kachidutswa ka khansa ya munthu n'kuika pansi pa khungu la mbewayo. Chotupa chija chinakula! Mbewa wamba ikanachikana, poti asilikali ake akanachizindikira kuti n'chachilendo. Mpaka lero akatswiri amameretsa khansa ya kummero mu mbewa zoterezi, kenaka amadula chotupacho mopyapyala, kuchipaka mankhwala a mtundu ndi kuchiunika pa makina okuza zinthu. Maselo abwino a kummero amasanjikana ngati njerwa za khoma. A khansa amasiyana kukula, amaunjikana mwachisawawa ndipo amaboola n'kulowa m'mnofu wa pansi pake.

Nanga izi zikutikhudza bwanji? Maselo a CD4 amene kachilombo ka HIV kamaononga ali m'gulu lomwelo la maselo a T. N'chifukwa chake khansa ya Kaposi, yomwe imatuluka ngati zipsera zakuda pakhungu kapena m'kamwa, imakonda anthu amene chitetezo chawo chatsika. Kumwa ma ARV mokhulupirika kumabwezeretsa asilikaliwa.

Khansa ya kummero ndi nkhani ina. Malawi ali m'gulu la maiko amene matendawa ndi ochuluka zedi padziko lonse, ndipo amagwira ngakhale anthu opanda HIV. Fodya ndi mowa, kachasu yemwe, zimaonjezera chiopsezo. Pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, labotale younika tizidutswa ta zotupa inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi UNC Project.

Chizindikiro chachikulu n'chakuti chakudya chimakakamira pomeza. Imayamba kuvuta ndi nsima, kenaka phala, mapeto ake ngakhale madzi, uku munthu akuonda. Apa ndi pomwe timalakwitsa kumudzi: timayamba kunong'onezana kuti "ali nako" kapena "amulodza", miyezi n'kumatha. Komatu si kupweteka konse pomeza komwe kuli khansa. Kwa ena ndi mafangasi a kummero, omwe amachizika ndi mankhwala. Wosiyanitsa ndi dokotala.

Kambiranani pa kalabu yanu: agogo kapena amalume atayamba kusiya nsima n'kumapempha phala lokha, mungawauze mawu otani kuti avomere kupita kuchipatala sabata yomweyo?