Buku ndi Filimu Yake: Phunziro pa Nkhani ya William Kamkwamba

Ophunzira ambiri amatifunsa ngati kuonera filimu kungalowe m'malo mwa kuwerenga buku. Tiyankha pogwiritsa ntchito nkhani ya kwathu konkuno. Buku la The Boy Who Harnessed the Wind, lomwe William Kamkwamba analemba mothandizana ndi Bryan Mealer, linatuluka m'chaka cha 2009. Filimu yake inatuluka mu 2019, ndipo anaitsogolera ndi Chiwetel Ejiofor, yemwenso anasewera ngati bambo a William, a Trywell. Bukuli si nthano yopeka, ndi mbiri ya moyo wa mnyamata wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, koma zimene zimachitikira nthano ikasanduka filimu zikuoneka bwino pamenepa.

Tiyambe ndi ntchito ya makina amphepo aja. M'filimu, njala yafika povuta, William akumanga makinawo, makinawo akupopa madzi m'chitsime, madziwo akuthirira mbewu, mudzi wapulumuka. M'buku si momwemo. Njala ya 2001 mpaka 2002 inali itayamba kale kutha pamene William anamaliza makina ake, ndipo chimene anayatsa poyamba chinali babu limodzi. Kenako anakokera magetsi m'nyumba ya makolo ake. Madzi opopa anabwera patapita zaka, anthu akunja atamva za iye n'kuyamba kumuthandiza.

N'chifukwa chiyani opanga filimu anasintha? Filimu ili ndi maola osakwana awiri, ndipo woonera amafuna kuti vuto limene laoneka poyamba lithe pomaliza. Vuto linali njala, tsono babu loyaka silikanakwanira. Ife tikuona kuti kusinthaku kuli ndi mtengo wake. Woonera amachoka akuganiza kuti nzeru za mwana mmodzi zinathetsa njala, pamene wowerenga amadziwa kuti mabanja anapulumuka podya kamodzi patsiku n'kudikira chimanga chachiwisi, ndipo ena sanafike.

Taonaninso za galu, Khamba. M'filimu William amupeza atafa ndi njala. M'buku William mwini wake anapita naye kutchire n'kumumangirira kumtengo, chifukwa sanathenso kumudyetsa kapena kupirira kumuona akuvutika. Apa buku likutilowetsa mumtima mwa wolemba, tikumva manyazi ndi chisoni chake m'mawu ake omwe. Kamera siingajambule maganizo. Imangoonetsa nkhope, choncho nthawi zambiri imapewa zochita zimene zingadanitse woonera ndi mtengambali wamkulu.

Pamene maganizo sangajambulidwe, filimu imakuza mikangano. Njinga ya bambo, yomwe m'buku inali yowonongeka kale ndipo William anaipempha mpaka anapatsidwa, m'filimu yasanduka nkhondo yaikulu pakati pa bambo ndi mwana. Dayinamo, yomwe m'buku anamugulira ndi mnzake Gilbert, m'filimu ikuchokera kwa mphunzitsi amene anathawitsa mlongo wake Annie. Zambiri zinangosiyidwa: mitu yoyamba yonena za ufiti ndi matsenga, komanso ulendo wa William ku msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007.

Tisaipondereze filimuyi. Inajambulidwa kuno ku Malawi, ndipo fumbi la m'minda youma ndi khwimbi la anthu olimbirana chimanga zimagwira mtima msanga kuposa ndime yolembedwa. Zokambirana zambiri zili m'Chichewa, ngakhale khutu lathu limazindikira kuti ena mwa osewera, monga Maxwell Simba wa ku Kenya yemwe anasewera ngati William, anachiphunzira ali akuluakulu kale kapena pokonzekera filimuyo basi.

Ntchito yanu sabata ino nayi. Werengani mutu wa imfa ya Khamba, kenako onerani gawo lomwelo m'filimu. Lembani ndime ziwiri: yoyamba ifotokoze chimene chasintha, yachiwiri inene chimene wopanga filimu anapindula ndi chimene anataya. Osangolemba kuti buku ndi labwino kuposa filimu. Tionetseni malo ake enieni. Dziwaninso kuti pa mayeso a mabuku, wolemba kuti makina a William anathirira mbewu nthawi ya njala amadziulula yekha kuti bukulo sanalitsegule.