Musanagule bandulo: mmene mungayerekezere mitengo ndi mphamvu ya netiweki

Mlamu wanga amagulitsa nsomba zouma. Makasitomala ake ambiri ali m'tauni ndipo amachita nawo malonda pa WhatsApp: amawatumizira zithunzi za usipa ndi utaka, iwo n'kumulipira pafoni. Mwezi wina anamva za bandulo ya mwezi wathunthu ya kampani ina, yotsika mtengo kuposa imene ankagula nthawi zonse, ndipo sanachedwe, anakagula simu yatsopano. Atafika nayo kunyumba kwake, kuseri kwa phiri, chithunzi chimodzi chinkangozungulira mpaka nsima kupsa. Kuti chipite ankakwera pachulu cha kuseri kwa khola, foni ili m'mwamba, dzuwa likumuswa pamutu. Mwezi utatha, theka la data yake linapita osaigwiritsa ntchito.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Data nayonso ndi chimodzimodzi. Yanu ndi imene mwaigwiritsadi ntchito, pamalo pamene mumakhala, nthawi imene mumaifuna. Choncho poyerekeza makampani a foni pali zinthu ziwiri zoyenera kuziika pasikelo: mtengo wa bandulo, ndi mafunde amene kampaniyo ili nawo otumizira data kufika pakhomo panu. Nazi njira zisanu ndi ziwiri zoti mutsate.

Choyamba: dziwani kadyedwe kanu

Musanayang'ane mitengo, yang'anani foni yanu. Pa foni ya Android lowani mu Settings, mupeze pamene palembedwa Data usage. Pamenepo muona kuchuluka kwa data imene mwagwiritsa ntchito mwezi uno komanso pulogalamu imene ikudya kwambiri. Ambiri amadabwa kupeza kuti mauthenga a WhatsApp sadya zambiri; chimene chimamaliza bandulo ndi mavidiyo a pa status, pa TikTok, pa Facebook ndi pa YouTube.

Kenaka yang'anani manambala khumi amene mumawaimbira kawirikawiri. Oyamba ndi 088 ndi a TNM, oyamba ndi 099 ndi a Airtel. Ngati amayi, abwana ndi makasitomala anu ambiri ali mbali imodzi, zimenezo zili ndi ntchito, chifukwa mabandulo ena a mphindi zoimbira amagwira pa netiweki yomweyo yokha. Lembani manambala awiri papepala: ma GB amene mumamaliza pamwezi, ndi mphindi zimene mumaimba pasabata.

Chachiwiri: werengerani mtengo wa GB imodzi

Mitengo imasintha pafupipafupi, choncho tengani ya lero pa menyu ya kampani iliyonse kapena mu pulogalamu yake. Pa bandulo iliyonse gawani ndalama ndi ma GB ake.

Tiyerekeze ndi manambala ongopanga. Bandulo yoyamba ndi ya K2,000, ili ndi 1GB, imatha pasabata. Yachiwiri ndi ya K12,000, ili ndi 10GB, imatha pamwezi. Papepala yachiwiri yapambana, chifukwa GB imodzi ikugwa K1,200 pamene inayo ikugwa K2,000. Koma ngati papepala lanu munalemba kuti mumamaliza 4GB yokha pamwezi, nkhani yatembenuka. Mabandulo anayi a sabata akudyerani K8,000. Ya mwezi ija ikudyerani K12,000, ndipo 6GB ipita ndi mphepo, kutanthauza kuti GB iliyonse imene mwagwiritsadi ntchito mwaigula K3,000. Gawani ndalama ndi data imene mudzamalizedi, osati imene yalembedwa pachikwangwani.

Chachitatu: werengani timalemba ting'onoting'ono

Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Bandulo yotsika mtengo modabwitsa nthawi zambiri imakhala ndi malire. Funsani mafunso awa. Kodi imagwira tsiku lonse kapena usiku wokha? Kodi ndi ya intaneti yonse kapena ya WhatsApp ndi Facebook zokha? Ikatha, intaneti imaduka kapena foni imayamba kudya mayunitsi? Kodi imadzigulanso yokha nthawi yake ikakwana? Ngati akuti ndi yopanda malire, kodi liwiro limatsika mukafika pa mlingo wina?

Funso la mayunitsi ndi limene limaliza anthu ambiri. Munthu ali ndi bandulo ya WhatsApp, mnzake wamutumizira linki ya nkhani, iye n'kudina. Tsamba limenelo lili kunja kwa bandulo, ndipo mayunitsi amene anasungira kuimba foni amasungunuka osadziwa. Ngati kampani yanu ili ndi njira yotsekera intaneti bandulo ikatha, yambani kuigwiritsa ntchito lero lomwe.

Musaiwalenso ndalama za pafoni. Ngati malonda anu amadutsa pa Mpamba kapena pa Airtel Money, onani ejenti amene ali pafupi nanu ndi ndalama zimene amadula potumiza ndi potapa. Zimenezo nazonso ndi mbali ya mtengo wa simu.

Chachinayi: mvetsani za spectrum

Apa ndi pamene pagona nkhani ya chulu chija. Foni imalankhula ndi nsanja ya netiweki kudzera m'mafunde a wailesi, ofanana ndi amene amakubweretserani MBC kapena Zodiak. Wailesi za FM zimakhala pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, iliyonse pamalo pake kuti zisasokonezane. Makampani a foni nawonso amapatsidwa malo awo, koma pa manambala okwererapo. Malo amenewa ndi amene amatchedwa spectrum. Ndi chuma cha dziko, ndipo kuno ku Malawi amene amagawa ndi kupereka ziphaso ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 1998 ndipo tsopano likuyendera lamulo la 2016.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuzidziwa pa mafunde a kampani iliyonse.

Chinthu choyamba ndi nambala yake. Mafunde a nambala yotsika, monga 700, 800 ndi 900 MHz, amafika patali, amazemba mitengo ndi zitunda, komanso amalowa bwino m'nyumba za njerwa zofolera malata. Ndi amene amathandiza kumudzi, kumene nsanja zimatalikirana. Mafunde a 700 ndi 800 MHz kale anali a wailesi yakanema. Anamasuka pamene mayiko anayamba kusamukira ku kanema wa digito, ntchito imene bungwe la ITU linaikira tsiku lomaliza la 17 June 2015 m'chigawo chathu cha Africa ndi Ulaya. Mafunde a nambala yokwera, monga 1800, 2100, 2600 ndi 3500 MHz, safika patali ndipo khoma limawafooketsa, koma kumeneko malo ndi otakasuka, moti amanyamula data yambiri. Ndi oyenera m'tauni. N'chifukwa chake 5G, imene TNM inayamba kuiyesa mu 2023, imayambira m'mizinda ikuluikulu.

Chinthu chachiwiri ndi kukula kwa gawo limene kampani ili nalo. Pa 4G, gawo limodzi limatha kukhala la 5, 10, 15 kapena 20 MHz. Liganizireni ngati mjigo. Anthu onse amene foni zawo zalumikizana ndi nsanja imodzi akutunga pamjigo umodzi. M'mamawa mukapita nokha, ndowa imadzaza msanga. Madzulo mudzi wonse ukabwera ndi zidebe, mumadikira ngakhale mjigowo uli bwinobwino. Kampani yokhala ndi gawo la 20 MHz pansanjapo ili ngati mudzi wa mijigo iwiri poyerekeza ndi ya 10 MHz.

Mukamvetsa zimenezi, mutha kuzindikira vuto lanu. Ngati timizere ta netiweki ndi kamodzi kapena tiwiri, ndipo zinthu zimasintha mukatuluka panja, vuto ndi mtunda. Mukufunika kampani yokhala ndi mafunde otsika kapena nsanja yapafupi. Ngati timizere tadzaza koma vidiyo ikudukaduka madzulo, pa tsiku la msika kapena pamene bwalo la Kamuzu ladzaza ndi ochemerera, vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Mukufunika kampani yokhala ndi gawo lalikulu pamalopo.

Nanga mungadziwe bwanji zimene kampani ili nazo? Safunsa anadya phula. Funsani ku ofesi yawo kuti 4G ya m'dera lanu ili pa mafunde ati. Makampani onse awiri ali pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, TNM kuyambira 2008 ndipo Airtel kuyambira 2020, choncho amatulutsa malipoti a pachaka ofotokoza za nsanja zawo ndi madera amene afikako. Koma umboni weniweni uli m'manja mwanu. Pulogalamu ya NetMonster pa Android imaonetsa mafunde amene foni yanu yagwira panthawiyo. Pa foni zambiri za Samsung mutha kuimba *#0011#, ndipo pa iPhone *3001#12345#*. Mukaona B20, amenewo ndi 800 MHz; B8 ndi 900, B3 ndi 1800, B1 ndi 2100, B7 ndi 2600.

Chachisanu: onani ngati foni yanu ikugwirizana nawo

Kampani ikhoza kukhala ndi mafunde abwino koma foni yanu osawamva. Foni zimapangidwa motengera msika umene zikupita. Zopangidwira ku Ulaya ndi ku South Africa nthawi zambiri zimagwira mafunde a m'chigawo chathu, pamene zina zopangidwira ku America kapena msika wa mkati mwa China zimasowa B20. Foni yotere imagwira bwino mu Limbe, koma ikafika kumudzi imagwera pa 3G kapena pa chilembo E, pamene ya mnzanu pambali panu ili pa 4G. Musanagule foni, makamaka yogwirapo kale ntchito, pezani nambala ya mtundu wake mu Settings, muifufuze pa GSMArena, muone mndandanda wa mafunde ake.

Chachisanu ndi chimodzi: yesani pakhomo panu

Musadalire chikwangwani cha pamsewu. Bwerekani foni ya mnansi amene ali pa netiweki inayo, kapena gulani simu. Kumbukirani kutenga chiphaso chanu cha unzika, chifukwa kuyambira 2018 simu iliyonse imayenera kulembetsedwa. Ikanimo bandulo yaing'ono ya tsiku limodzi. Yesani malo atatu: m'chipinda chogona, kuntchito kapena kumsika, ndi panjira imene mumayenda kawirikawiri. Yesaninso nthawi zitatu: m'mawa, masana, ndi cha m'ma 8 koloko usiku pamene aliyense ali pafoni.

Pulogalamu ya Speedtest imaonetsa liwiro koma imadya data yambiri, choncho musaibwerezebwereze. Mayeso abwino ndi ntchito yanu yeniyeni: tumizani chithunzi, imbani foni ya vidiyo mphindi ziwiri, tumizani ndalama. Yesaninso tsiku limene magetsi azima kwa nthawi yaitali, chifukwa nsanja zimadalira mabatire, jenereta kapena sola, ndipo si zonse zimene zimapirira mofanana.

Chachisanu ndi chiwiri: sankhani, koma musamangike

Tsopano ikani zonse pamodzi. Chotsani kaye kampani imene yalephera mayeso a pakhomo panu, ngakhale mtengo wake ukome bwanji. Pa zotsalazo, sankhani bandulo yogwirizana ndi manambala a papepala lanu. Ngati foni yanu imalowa masimu awiri, palibe chokukakamizani kukhala mbali imodzi: ina ikhale ya data, ina yoimbira ndi kulandirira ndalama. Pakatha miyezi itatu bwerezani kuwerengera, chifukwa mitengo imasintha ndipo nsanja zatsopano zimamangidwa. Mukaona kuti mwadulidwa mosayenera, kadandauleni ku kampaniyo ndipo sungani nambala ya dandaulo lanu. Akapanda kukuthandizani, pitani nalo ku MACRA.

Mlamu wanga anabwerera ku simu yake yakale, ndipo amagula bandulo ya sabata imene amaimaliza yonse. Yatsopano ija sanaitaye. Amaigwiritsa ntchito akapita kukaperekera nsomba m'tauni, kumene imathamanga bwino. Zithunzi za usipa tsopano amatumiza atakhala pamkeka pakhonde, ndipo pachulu paja pangotsala mbuzi.