Mnzanu Ndani M'nyumbamo?

Werengani: Malaki 2:13-16

Amayi, tayesani kutchula liwu lakuti mnzanga popanda mwini wake. Simungathe. Pali mnzanga, mnzako, mnzake basi. Ngakhale nsapato ikasowa timafunsa kuti inzake ili kuti, pakuti imodzi siyendetsa ulendo.

Pa vesi 14 Malaki akudzudzula amuna a ku Yuda amene ankasiya akazi a ubwana wawo. Sakuwakumbutsa za ana kapena za munda. Akuwakumbutsa kuti mkaziyo ndi mnzake wa mwamunayo, ndi kuti Yehova ndiye anali mboni ya pangano lawo. M'Chihebri liwuli limachokera ku tsinde lotanthauza kulumikiza.

Nanga ife kuno kwa Ndake, liwuli timalipatsa yani? Amayi opita nawo kuchigayo ndi anzathu. Pamitala, ngakhale uja wotisowetsa tulo timamutcha mkazi mnzathu. Koma amuna athu ndi "atate ake a uje". Ulemu umenewu ndi wabwino, sindikuutsutsa ayi.

Chondidetsa nkhawa ndi mkamwini amene walima zaka 20 pamudzi pa apongozi ake, nalera ana, koma za ndalama za chimanga, za matenda a mwana, za mtsikana amene akufunsiridwa, amazimva pomalizira, amalume atagamula kale. Ameneyo akali mlendo, ndipo amene tamusandutsa mlendo ndife.

Zokambirana pa Chigwirizano: nkhani yaikulu ikagwa pakhomo panu, mumayamba kuuza yani? Chifukwa chiyani?