Msilikali wa m'Bandi

Pa zikondwerero zazikulu za dziko lathu, monga tsiku lokumbukira ufulu umene tidalandira pa 6 Julayi 1964, kaŵirikaŵiri asilikali amachita perete. Patsogolo pawo pamakhala bandi. Malipenga amanyezimira padzuŵa, ng'oma yaikulu ili kugunda, ndipo mapazi mazanamazana amaponda pansi ngati phazi la munthu mmodzi. Ana ambiri akaona zimenezi amakhumbira kudzaimba nawo akadzakula. Kodi munthu amafikapo bwanji pa ntchito imeneyi?

Woimba m'bandi ndi msilikali monga anzake onse. Nchifukwa chake ayenera kukhala nzika ya Malaŵi, wokwanitsa zaka 18, ndiponso wosapalamulapo mlandu. Masiku ano pafunikanso satifiketi ya Fomu 4, ndipo akazi nawonso amalembedwa. Asanamlandire, dokotala amamuyesa maso, makutu ndi chifuwa. Kwa wofuna kuliza lipenga, makutu ndi chifuwa ndizo chuma chake.

Olembedwa kumene amaphunzira usilikali ku sukulu ya asilikali ya MAFCO, m'boma la Salima. Miyezi ya kumeneko si ya nyimbo ayi. Amadzuka mbandakucha kukathamanga, amaphunzira kuguba, kusamala mfuti ndi kumvera lamulo mosanyinyirika. Wolephera pamenepa sangaloŵe m'bandi, ngakhale atakhala katswiri wotani.

Maphunziro a nyimbo ali ndi zovuta zake. Kumudzi timaphunzira nyimbo pomvera akuluakulu, ndipo khutu lozoloŵera chotero limathandiza kwambiri. Koma m'bandi khutu lokha silikwanira. Nyimbo zimalembedwa ndi timadontho pa mizere isanu yogona, ndipo woimba ayenera kuziŵerenga monga inu muŵerengera buku lino. Kadontho kakakhala pamwamba, liwu limakwera. Kakakhala pansi, liwu limatsika. Maonekedwe a kadonthoko ndiwo amanena ngati liwulo nlalitali kapena lalifupi.

Wophunzira lipenga amayamba ndi milomo. Amaimangitsa ndi kuinjenjemeretsa pa kamwa ya lipengalo, ndipo masiku oyamba limangolira ngati mbuzi yomangidwa. Milomo imatopa, mpweya umatha msanga. Mankhwala ake ndi amodzi: kuyeserera tsiku ndi tsiku.

Akadziŵa kuimba ali chikhalire, amayamba kuimba akuyenda, ndipo apa mpamene pagona ntchito. Kapepala ka nyimbo kamapanidwa pa lipenga lomwelo. Diso limodzi, titero kunena kwake, lili pa kapepalako, lina lili pa ndodo ya mtsogoleri woyenda patsogolo, pakuti ndodoyo ndiyo imalamula kukhota kapena kuima. Pa mphindi imodzi amaponda pansi pafupifupi ka 120, ndipo kugunda kwamphamvu kwa ng'oma yaikulu kumagwera pa phazi lamanzere. Woomba ng'oma akafulumira pang'ono pokha, gulu lonse limasokonezeka.

Malipenga a asilikali sadayambe dzulo m'dziko muno. Gulu la King's African Rifles, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1902, lidali ndi asilikali ake ku Zomba. Kale lipenga ndilo lidali wotchi ya msilikali: linkamdzutsa, linkamuitanira ku chakudya, ndipo usiku linkamuuza kuti azimitse nyale. Makolo athu adatengeka mtima ndi maguba ndi nyimbo za asilikali, nayambitsa magule owatsanzira. Ovina malipenga ku Nkhata Bay, mganda m'chigawo chapakati ndi beni pakati pa Ayao amandanda m'mizere ngati asilikali. Posoŵa malipenga achitsulo, ovina malipenga ndi mganda adapanga awo a zipanda.

Ntchito ya bandi si ya chisangalalo chokha. Imaimba nyimbo ya fuko polandira atsogoleri a maiko ena, imaimbanso pa maliro a asilikali. Chaka chilichonse m'mwezi wa Novembala anthu amasonkhana pa zipilala, monga cha ku Zomba, kukumbukira amene adafera ku nkhondo, popeza nkhondo yoyamba ya dziko lonse idatha pa 11 Novembala 1918. Pa mwambowo msilikali amaliza lipenga lotsanzikana ndi akufa, khamu lonse lili chete. Palibe ng'oma yobisa liwu lake likaphonya. Achibale a omwalirawo amakhala ali kumvetsera.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zofunika kwa munthu wofuna kulembedwa usilikali.
2. Kodi nyimbo za m'bandi zimalembedwa bwanji?
3. Nchifukwa chiyani kuimba ukuguba nkovuta kuposa kuimba uli chikhalire?
4. Fotokozani ntchito ya lipenga pa moyo wa msilikali wakale.
5. Pangani ziganizo ndi mawu awa: perete, mbandakucha, katswiri, kutsanzira.

Zochita

Funsani akuluakulu kwanu za gule wa malipenga, mganda kapena beni, ndipo mulembe ndime imodzi ya zimene akuuzeni.