Zionetsero ndi Zikondwerero za mu Mzinda wa Paris

Paris ndi likulu la dziko la France ku Ulaya. Mzindawu udamangidwa m'mbali mwa mtsinje wa Seine, umene umadutsa pakati pake ndi kuugaŵa paŵiri. Chaka ndi chaka alendo miyandamiyanda ochokera m'maiko osiyanasiyana amapita kukacheza kumeneko. Kodi n'chiyani chimene chimaŵakoka chotere? Mumzindamo mulibe nyanja, mulibe mapiri aatali, ndiponso mulibe nkhalango za nyama. Chimene alendo amatsata ndi ntchito za manja a anthu: zojambula, zosema, nyimbo ndi zikondwerero.

Nyumba ya Louvre

Nyumba yotchuka koposa zonse mumzindamo ndi ya Louvre. Iyi ndi nyumba yosungiramo zaluso ndi zinthu zamakedzana. Poyamba, cha m'ma 1190, pamalopo padamangidwa linga loteteza mzinda kwa adani. Zaka zitapita, mafumu adagwetsa lingalo namangapo nyumba yachifumu. Mafumu a ku France ankakonda kusonkhanitsa zithunzi ndi ziboliboli, koma zonsezo zidali chuma chawochawo. Anthu wamba ambiri ankangomva mbiri yake.

M'chaka cha 1789 anthu a m'dzikomo adaukira ulamuliro wa mfumu. Ufumu utatha, boma latsopano lidagamula kuti chuma chimenechi n'cha mtundu wonse. Choncho pa 10 Ogasiti 1793 zitseko za Louvre zidatsekulidwa kuti mlimi, mmisiri ndi wophunzira aloŵe ndi kudzionera okha.

Masiku ano alendo ambiri amaloŵera pa khomo lagalasi lokhalokha, losongoka kumwamba ngati chulu, limene lidatsekulidwa m'chaka cha 1989. M'katimo muli zinthu pafupifupi 35,000 zoti anthu aziona. Munthu atati aime mphindi imodzi patsogolo pa chilichonse, angathe masiku 24, usana ndi usiku, osagona. M'chaka cha 2018 chokha, m'nyumbayi mudaloŵa alendo oposa 10 miliyoni. Nyumbayi imatsekedwa Lachiŵiri lililonse.

Chithunzi chimene chidabedwa

Pa zinthu zonse za mu Louvre, chimene alendo amathamangira ndi chithunzi cha mai wina womwetulira, chotchedwa Mona Lisa. Adachijambula ndi Leonardo da Vinci wa ku Italy, amene adayamba ntchitoyo cha m'ma 1503. Ambiri amadabwa poona kuchepa kwake, pakuti n'chamasentimita 77 mulitali ndi 53 mulifupi. Sichidajambulidwe pa pepala kapena pa nsalu, koma pa thabwa.

Lolemba pa 21 Ogasiti 1911 nyumbayi idali yotseka. M'maŵa wa tsikulo munthu wina wa ku Italy, dzina lake Vincenzo Peruggia, adali m'katimo atavala malaya oyera onga a antchito. Iye ankadziŵa bwino malowo popeza adagwirako ntchito kale. Adachotsa chithunzicho pakhoma natuluka nacho popanda womuletsa. Lidapita tsiku lathunthu anthu asanazindikire kuti chabedwa.

Nkhaniyo idafala m'manyuzipepala a maiko ambiri. Apolisi adafunafuna, koma osachipeza. Nyumbayi itatsekulidwanso, anthu adabwera mwaunyinji kudzaona khoma lopanda kanthu pamene chithunzicho chinkakhala. Akuluakulu adanena kuti chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa. Ambiri amene sankachilabadira chilipo adayamba kuchilira chitasoŵa.

Peruggia adachibisa m'bokosi m'chipinda chake zaka ziŵiri. Mu Disembala 1913 adapita nacho ku Florence, mzinda wa ku Italy, kuti akachigulitse. Wogulayo adachizindikira, ndipo wakubayo adagwidwa. Mu Januwale 1914 Mona Lisa idabwerera pakhoma pake. Tsopano imakhala kuseri kwa galasi lolimba kwambiri, loti ngakhale chipolopolo sichingaboole.

Chuma cha mu Louvre chidapulumukanso pa ngozi ina yaikulu. Mu Ogasiti 1939, Nkhondo Yachiŵiri ya Dziko Lonse ili pafupi kuyamba, mkulu wina woyang'anira nyumbayi, Jacques Jaujard, adalamula kuti zithunzi zilongedwe m'mabokosi. Antchito adagwira ntchitoyo mofulumira, ndipo malole adanyamula mabokosiwo kukaŵabisa m'nyumba zikuluzikulu za kumidzi. Pamene asilikali a ku Germany adaloŵa mu Paris m'chaka cha 1940, adapeza makoma ambiri ali mbee. Nkhondo itatha m'chaka cha 1945, zithunzizo zidayamba kubwezedwa.

Amisiri amene adasekedwa

Kutsidya kwa mtsinje kuli nyumba ina ya zaluso yotchedwa Orsay. Kale idali siteshoni ya sitima zapamtunda, ndipo idasanduka nyumba ya zionetsero m'chaka cha 1986. M'menemo muli zithunzi za amisiri amene poyamba anthu ankaŵanyoza.

M'masiku awo, mmisiri wofuna kutchuka ankayenera kutumiza zithunzi zake ku chionetsero chachikulu cha boma chotchedwa Salon. Kumeneko kudali oŵeruza amene ankasankha zoti zionetsedwe. Claude Monet, Auguste Renoir ndi anzawo ankakonda kujambulira panja. Ankafuna kuonetsa kuŵala kwa dzuŵa pamadzi ndi pamasamba monga momwe diso limaonera pakanthaŵi kochepa. Oŵeruza aja ankakana zithunzi zawo kaŵirikaŵiri.

Amisiriŵa sadataye mtima. Mu Epulo 1874 adachita chionetsero chawochawo, ndipo pakati pawo padalinso mai waluso, Berthe Morisot. Anthu ena adaseka, nanena kuti zithunzizo n'zosamaliza. Lero zithunzi zomwezo ndi zina mwa zamtengo wapatali koposa pa dziko lonse, ndipo alendo amaima pamzere kuti azione.

Zionetsero za m'nyumba zoterezi zili mitundu iŵiri. Pali zokhazikika, zimene mlendo angazipeze nthaŵi iliyonse. Palinso zakanthaŵi, zimene zimakhala miyezi itatu kapena inayi yokha. Pokonza chionetsero chakanthaŵi, nyumba imodzi imabwereka zithunzi ku nyumba za m'maiko ena, ndipo chikatha imazibweza kwa eni ake.

Zosema za ku Africa nazonso zimapezeka mu Paris, makamaka m'nyumba ya Quai Branly imene idatsekulidwa m'chaka cha 2006. Zina mwa izo zidafika kumeneko mochita kulandidwa pa nthaŵi ya atsamunda. M'chaka cha 2021 dziko la France lidabweza zinthu 26 ku dziko la Benin. Zinthuzo adazitenga ndi asilikali a ku France m'nyumba yachifumu ya ku Abomey m'chaka cha 1892.

Zikondwerero za m'nyengo zinayi

Zaluso za mu Paris sizili m'nyumba mokha. Nyengo iliyonse ili ndi zochitika zake. Dziko la France lili kumpoto kwa dziko lapansi, motero nyengo zake zimasemphana ndi za ku Malaŵi. Mu Juni ndi Julayi, pamene kuno kumazizira, kumeneko kumatentha.

Nyengo yoyamba ndi yophukira mitengo, kuyambira Malichi mpaka Meyi. Loŵeruka lina pakati pa mwezi wa Meyi kumakhala Usiku wa Nyumba za Zionetsero. Nyumba zambiri zimatsekulidwa mpaka pakati pa usiku, ndipo anthu amaloŵa ulere. Mwambo umenewu udayamba m'chaka cha 2005.

Kenaka imafika nyengo yotentha. Pa 21 Juni dzuŵa limaloŵa cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo tsikuli ndi la Chikondwerero cha Nyimbo, chimene chidayamba m'chaka cha 1982. Aliyense wodziŵa kuimba gitala, ng'oma kapena lipenga amatuluka ndi kukaimba m'miseu ndi m'mabwalo, omvera osalipira kanthu. Pa 14 Julayi ndi tsiku la dziko lonse la France, lokumbukira kuukira kwa m'chaka cha 1789 kuja. M'maŵa asilikali amaguba mu mseu waukulu wa Champs-Élysées, ndipo usiku makombola amitundumitundu amaphulitsidwa m'mwamba. Kaŵirikaŵiri izi zimachitikira pa nsanja ya Eiffel, nsanja yachitsulo yotalika mamita oposa 300. Nsanjayi nayonso idamangidwira chionetsero chachikulu cha m'chaka cha 1889. Kuyambira m'chaka cha 2002, m'mbali mwa Seine mumaikidwanso mipando ndi maambulera m'miyezi yotenthayi, kuti amene sangathe kupita ku nyanja apumule pomwepo.

Nyengo yachitatu ndi yoyoyoka masamba. Loŵeruka ndi Lamulungu la sabata lachitatu la Sepitembala, nyumba zamakedzana zimene anthu wamba saloŵamo masiku onse zimatsekulidwa. Ngakhale Élysée, nyumba ya mtsogoleri wa dziko, imalandira alendo pamasiku ameneŵa. Mwambowu udayamba m'chaka cha 1984. Mu Okutobala anthu a pa kaphiri ka Montmartre amakondwerera kukolola mphesa m'kamunda kamene kali pakati pa nyumba za mumzinda.

Pomaliza imafika nyengo yachisanu. Mu Disembala dzuŵa limaloŵa cha m'ma 5 koloko madzulo, ndipo nthaŵi zina kumagwa chipale. Mitengo ya m'miseu ikuluikulu imakongoletsedwa ndi nyale zamagetsi, ndipo m'mabwalo mumamangidwa timisika ta Khirisimasi. Alendo ambiri amapitanso ku Notre-Dame, tchalitchi chimene chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1163. Pa 15 Epulo 2019 denga lake lidapsa ndi moto. Akalipentala, osema miyala ndi amisiri ena adagwira ntchito zaka zisanu, ena akusema mitanda ndi nkhwangwa monga ankachitira makolo awo. Tchalitchicho chidatsekulidwanso mu Disembala 2024.

Chuma cha anthu onse

Zonse zimene mlendo amaona mu Paris zilipo chifukwa cha anthu a magulu aŵiri: amene adazipanga ndi amene adazisunga. Mbala, nkhondo ndi moto zikadatha kuziononga, koma padapezeka anthu ozisamala.

Mumzinda womwewu muli likulu la UNESCO, bungwe la maiko onse loona za maphunziro, sayansi ndi chikhalidwe. M'chaka cha 2005 bungweli lidalengeza kuti Gule Wamkulu ndi chuma cha anthu onse a pa dziko lapansi. M'chaka cha 2006 lidaika zojambula za pamatanthwe a ku Chongoni, m'boma la Dedza, pa mndandanda wa malo oyenera kutetezedwa. Zojambulazo zakhala pamenepo zaka mazanamazana. Koma mwana mmodzi atalemba dzina lake pamwamba pake ndi khala, angaononge tsiku limodzi chimene palibe mmisiri angachibwezeretse.

Matanthauzo a mau

linga: mpanda wolimba woteteza anthu kwa adani
chiboliboli: chifanizo cha munthu kapena nyama chosemedwa pa mtengo kapena pa mwala
zamakedzana: zakale kwambiri
kugamula: kupereka chiŵeruzo chomaliza pa nkhani
atsamunda: anthu a maiko ena amene ankalamulira maiko a eni
chipale: madzi oundana, oyera ndi ofeŵa, amene amagwa ngati mvula kukazizira kwambiri
makombola: zinthu zophulika m'mwamba ndi kutulutsa kuŵala kwa mitundu yosiyanasiyana

Mafunso

1. Kodi mtsinje umene umadutsa mu Paris dzina lake n'chiyani?
2. Kodi pamalo pamene pali Louvre padali chiyani poyamba?
3. N'chifukwa chiyani tsiku la 10 Ogasiti 1793 lidali lofunika kwa anthu wamba?
4. Fotokozani momwe Peruggia adabera chithunzi cha Mona Lisa ndi momwe adagwidwira.
5. Kodi zithunzi za mu Louvre zidapulumuka bwanji pa nthaŵi ya nkhondo?
6. N'chifukwa chiyani Monet ndi anzake adachita chionetsero chawochawo?
7. Siyanitsani chionetsero chokhazikika ndi chionetsero chakanthaŵi.
8. Mlendo wokonda nyimbo ayenera kufika mu Paris mwezi uti? Perekani chifukwa.

Zochita

A. Perekani mau otsutsana ndi aŵa: kutsekula, kunyoza, kubwereka, kumpoto, mulitali.

B. Sinthani ziganizo izi kuti zikhale za nthaŵi yakale. Chitsanzo: Alendo akuloŵa m'nyumba. Alendo adaloŵa m'nyumba.
1. Mmisiri akujambula chithunzi.
2. Asilikali akuguba mu mseu.
3. Antchito akulonga mabokosi.

C. Kambiranani tanthauzo la mwambi wakuti "chitsime chimadziŵika kuya chikaphwa." Tchulani chitsanzo chimodzi cha kwanu chogwirizana ndi mwambiwu.

D. Jambulani mizere inayi m'makope mwanu. Pamwamba pa mzere uliwonse lembani nyengo imodzi ya ku France, ndipo m'munsi mwake lembani zochitika za m'nyengo imeneyo.

E. Lembani chimangirizo cha ndime zitatu pa mutu uwu: "Chinthu chakale cha kwathu chimene chiyenera kusungidwa."