Phunziro la Mwezi Uno: Darwin ndi Nyongolotsi

Mwezi uno tifuna kukuuzani za munthu wanzeru amene sananyoze kanthu kokwawa m'dothi. Dzina lake ndiye Charles Darwin, wobadwira ku Shrewsbury, m'dziko la England, m'chaka cha 1809. Ali mnyamata anayenda panyanja m'chombo chotchedwa Beagle, kuyambira 1831 kufikira 1836, nasonkhanitsa miyala, zomera ndi nyama za maiko akutali. M'chaka cha 1859 anatulutsa buku lake lomveka, On the Origin of Species, m'mene anaphunzitsa kuti mitundu ya zamoyo imasinthika pang'onopang'ono m'mibadwo yosawerengeka. Bukulo linautsa makani aakulu m'masukulu ndi m'mipingo momwe.

Koma ife lero tipenye ntchito yake ina, imene ambiri saidziwa. Kumapeto kwa chaka cha 1842 iye anamwazitsa timiyala ta choko pa busa la pafupi ndi nyumba yake ku Downe, nalisiya busalo losalima. Analindira zaka 29. M'chaka cha 1871 anakumbitsa ngalande pamenepo, ndipo taonani, choko chija chinapezeka pansi, chitakwiririka ndi dothi la mainchesi 7!

Anachikwirira ndani? Ndi nyongolotsi. Pakuti izo zimakokera masamba m'mauna mwao, zimameza dothi, ndi kulitulutsa pamwamba lili lofewa ndi lachonde. Darwin anawerengera kuti m'madera ambiri a England, dothi loposa matani 10 limapyola m'mimba mwa nyongolotsi pa ekala imodzi chaka ndi chaka. Zimenezi anazilemba m'buku lake lotsiriza la 1881. Anamwalira m'chaka cha 1882, naikidwa ku Westminster Abbey mu London.

Tsono tiphunzirapo chiyani? Choyamba, akulu ananena zoona kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ife tifulumira kuweruza nkhani tisanaifufuze. Koma uyu anafunsa funso ali ndi zaka 33, nalandira yankho ali nkhalamba. Chachiwiri, zazing'ono zikachitika kosaleka zibala zazikulu, ndipo ganizo limeneli ndilo muzu wa maphunziro ake onse.

Chifukwa chake, abale, khasu lanu likavumbula nyongolotsi, musaiphe ai, ibwezereni m'dothi. Ndiponso musafulumire kutentha mapesi ndi masamba, pakuti ndiwo chakudya cha antchito awa amene alima munda wanu osapempha malipiro.