Nkhonya: zoyenera ndi zosayenera podziteteza

Pa Migowi, pa Chiringa ngakhale paboma la Phalombe sipasowa mnyamata amene wakoleka thumba la mchenga mumtengo, n'kumalisasantha mpaka thukuta kamukamu. Khama lilipo. Koma thumba silibwezera, ndiye ambiri amadziwa kuponya chibakera asanadziwe kuchizinda.

Choyenera: Manja akhale m'mwamba, chibwano chibisale, zigongono zitchinge nthiti. Dzanja likapita kukamenya libwerere msanga pomwe linachokera, osayamba ladzera m'chiuno.

Chosayenera: Kutsitsa dzanja lakutsogolo n'kumatchinga ndi phewa, ati mwasanduka Floyd Mayweather chifukwa munamuona pakanema. N'zoona kuti anamenya nkhonya 50 osagonjako, koma luso limenelo analiyamba ali kamwana, m'manja mwa bambo ake ndi bambo ake aang'ono a Roger, onse ankhonya. Inu mukatengera kaimidwe kokha, mwapereka nsagwada yaulere.

Choyenera: Phunzitsani mapazi. Lumphani chingwe tsiku ndi tsiku, ndipo mnzanu akamabwera patukirani kumbali. Mwana wokulira pabwalo la tchopa sangatiuze kuti miyendo ndi yolemera. Mukakumana ndi wamanzere, phazi lanu lakutsogolo likhale kunja kwa lake.

Chosayenera: Kubwerera m'mbuyo molunjika, kapena kupingasa miyendo. Kukankha pang'ono pokha mwagwa.

Choyenera: Sankhani kamenyedwe koyenerana ndi thupi lanu. Wamtali amenyere patali, jabu yake ikhale mpanda. Wamfupi alowe chowerama akugwedeza mutu, monga ankachitira Mike Tyson, akagwire ntchito panthiti.

Chosayenera: Kutsamira zingwe kuti mnzanu adzitopetse yekha. Muhammad Ali zinamuyendera ku Kinshasa mu 1974, pomwe anagwetsa George Foreman m'chigawo cha 8, koma zibakera zimene analandira m'nthiti usiku umenewo sindingazifunire mwana wa munthu.

Choyenera: Onerani Isaac Chilemba, mwana wa ku Blantyre amene anakulitsira luso lake ku Johannesburg. Mu 2016 anapita ku Russia kukakumana ndi Sergey Kovalev, chilombo chimene chinkakomola anthu nkhonya isanafike patali. Chilemba anagwa m'chigawo cha 7, anadzuka, n'kumaliza zigawo zonse 12. Mu 2018 anamalizanso 12 ndi Dmitry Bivol. Konseko anagonja pamapointi, sitikana. Koma penyani mmene amapendeketsera mutu pang'ono chabe chibakera n'kudutsa, mmene amagwirira mdani zikathina, mmene amachokera pakona. Kwa ine, wophunzira nkhonya kuno kwathu ayambire pamenepo.

Chosayenera: Kutcha wozinda wamantha. Ochemerera amakonda magazi, koma mawa lake sadzakuperekezani kuchipatala.

Choyenera: Poyeserera ndi mnzanu, valani chotetezera mano ndi magolovesi aakulu, mufanane kulemera, ndipo kochi akhalepo. Cholinga n'kuphunzirana, osati kulongosola za ngongole kapena za chibwenzi.

Chosayenera: Kupitiriza mutamva chizungulire, ati kulimba mtima. Apa ndiye pagona nkhani. Chibakera chikafika pachibwano mutu umatembenuka mwadzidzidzi, ubongo n'kugunda chigaza. Magazi amatha kumakha mkatimo munthu akuyenda, akuseka ndi anzake, n'kudzakomoka usiku. Mutu wosaleka kupweteka, kusanza, kuona zinthu ziwiriziwiri, kuiwala zomwe zangochitika, tulo tachilendo: chimodzi mwa izi chikaoneka, thamangirani kuchipatala cha Holy Family kapena cha boma tsiku lomwelo. Kumbukirani kuti wovulala mkati mwa mutu amafunika chipatala chachikulu, ndipo kuchoka ku Phalombe kukafika ku Blantyre ndi ulendo.

Inu akochi, mwana amene wakomoka kapena wazunguzika mutu musamubwezere muringi dokotala asanamuone, ngakhale iye mwini atakugwadirani.